Ndime Yachisanu ndi Chiwiri

Zaka khumi ndi chimodzi bungwe lathu la maliro
linkayenda popanda pepala.
Tinkakumana m'galaja ku Turffontein Lamulungu masana,
titakhalira makireti opanda kanthu,
malamulo onse ali m'mutu mwa a Kachingwe,
pansi pa chipewa chawo cha ulonda.

Wina akatsikira kulichete, chipewa chomwecho chinkazungulira.
Yasini Mdala anatisiya ali ndi ngongole ya chaka chathunthu,
a Kachingwe anangotsokomola, nati, "Maliro n'kulirana."
Yasini anakwera ngolo ya kumbuyo kwa basi
pakati pa mafiriji ndi makatoni a sopo
mpaka kwawo ku Namwera.
Tinadziguguda pachifuwa: ife ndiye anthu.

Koma mutu wa munthu uli ndi abale.
Mwana wa Nasibeko atapita ndi chifuwa cha mu Juni
tinauzidwa kuti obadwira kuno ku Joni sawerengedwa.
Patatha miyezi isanu anapita mdzukulu wa a Kachingwe,
wobadwira konkuno ku Soweto,
lamulo lija linasungunuka ngati majarini padzuwa.
Nasibeko sanalire. Anaimirira, naloza chipewa:
"Chivuleni tiwerenge."

Ndiye tinalemba.
Bolopeni ndinagwira ine, poti ndinafika Fomu Folo.
Masabata asanu ndi limodzi tikukokana pa liwu lililonse,
masamba khumi ndi anayi, osindikizidwa pakashopu ka pakona.
Ndime yachisanu ndi chiwiri ndinaipeka ndekha, monyadira:
wosasonkha miyezi itatu wadzichotsa yekha.

Zinakoma. Ndalama zinayamba kugona kubanki,
msungichuma anasiya kusinthasintha nsapato.
Mtumbuka, Mlomwe, Myao, muyeso umodzi.
A Kachingwe atachedwa kumsonkhano
analipira marandi makumi awiri, ife tikuwomba m'manja.

Kenako Dzinkambani anagwa pachimango cha nyumba yosanja ku Sandton.
Miyezi itatu ndi masiku anayi.
Bwana wake anali asanamulipire chiyambire Malichi,
tonse tinkadziwa, ena tinkamugawira ufa.
Ndinatsegula buku, ndinawerenga mokweza mawu anga omwe,
khutu lili tcheru kuti wina atsokomola.
Kunali zii. Pepala lilibe kukhosi.
Masiku anayi aja anamuika m'dothi lofiira la eni ake,
nambala pakachitsulo,
mayi ake ku Thyolo akuonera pafoni yobwereka.

Popita kuganyu ndimadutsa m'munsi mwa chitunda cha ku Braamfontein
pomwe kale panali ndende, lero pali khoti.
Akuti maufulu a dziko lino anawasema pazitseko zamatabwa
m'zilankhulo zambirimbiri. Chathu palibe.
M'munsi momwemo wapolisi anandigwirapo lamba,
kufuna chiphaso, kenako kufuna ya fanta.
Zitseko zija sizinatsike kudzandilanditsa.
Koma m'mawa mwake kunabwera mtsikana wa jekete yakuda,
anawawerengera ndime imodzi yokha, loko n'kutseguka.
Nanga ndinene kuti chiyani?

A Kachingwe anabwerera ku Ntcheu,
akuti masiku ano aiwala ndi mayina a ana awo omwe.
Tikanadalira chipewa, bwenzi malamulo atapita nawo pabasi.
Buku lili pano, m'jumbo, kunsi kwa matiresi.
Silinaiwale kanthu,
ngakhale chija ndimalakalaka litaiwala.

Lamulungu likubwerali ndikapempha kuti tisinthe ndime ija.
Pafunika manja awiri mwa atatu alionse,
imeneyonso ndinalemba ndine.
Nasibeko wanena kale kuti lake silikwera:
akuti ukasiya kampata ka chifundo
oyamba kulowapo ndi adzukulu a wapampando.
Sindinamuyankhe.

Ndagula bolopeni ina.
Usiku, magetsi akazima, ndimayatsa kandulo
n'kumayesa kuseri kwa chikuto
mawu oti akalembedwa azimveka ngati kutsokomola.
Mpaka lero ndangodzaza tsamba ndi zofufuta.